Choumitsira Matimati cha Mainess

Mainess ankalima matimati kufupi ndi Chalimbana. Chaka chilichonse matimati ankapsa nthawi imodzi m'madimba onse, mtengo n'kugwa, ambiri n'kuwolera m'mabokosi m'mphepete mwa msewu. Ndiye anaganiza zoti aziwaumitsa n'kuwasinja, akhale ufa woti munthu azithira m'ndiwo ngakhale m'dzinja.

Anakhoma choumitsira cha matabwa, malata ndi pulasitiki. Choyamba chinapsereza matimati mpaka kuda bii. Chachiwiri chinkasunga chinyezi, matimati n'kuchita chuku. Chachitatu chinatulutsa ufa wofiira, wonunkhira bwino, koma kukangochita mitambo zonse zinkawonongeka. Pankafunika sola ndi kafani kokoka mpweya. Koma mbuzi zake anali atagulitsa kale zonse, ndipo mwamuna wake Lazarous, amene anafa ziwalo mbali imodzi, mankhwala anali atamuthera.

Tsiku lina anamva pa wailesi kuti boma limachepetsera msonkho mabizinesi amene akufufuza njira zatsopano. Anathira ufa wake m'botolo, nakwera minibasi pa Chongwe kupita ku Lusaka. Ku ofesi ya misonkho mtsikana wina anamulandira mwaulemu, ananunkhiza ufawo, n'kuuyamikira.

"Koma amayi, kuno sitipatsa ndalama pamanja," anatero mtsikanayo. "Zamene mwataya pofufuza timaziganizira pa msonkho wamene mufunika kulipira. Muli na kampani?"

"Nili chabe na dimba."

"Nanga phindu mupeza?"

"Nikanapeza phindu sembe sininabwere, mwana wanga."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Anati angamuthandize kulembetsa bizinesi, koma popanda phindu palibe pochotsa kanthu.

Mainess atabwerera kunyumba anapeza kunja kwachita mdima wa mvula, ndipo matimati amene anayanika m'mawa atayamba kale kununkha. Anawakolola ndi manja n'kukataya kudzala. Kenako anakhala pansi pomwepo, osalira, manja ali tapsatapsa.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, bambo Abson anamuyitanira pambali. Iwo ankakhala ku mapuloti atsopano, ndipo anali ndi kampani yolongedza zokometsera ndiwo ku Lusaka. Nkhani ya ufa anali ataimva kwa akazi awo.

"Ba Mainess, kampani yanga ilipira msonkho wambiri. Kufufuza kwanu kukalowa mu dzina la kampani, ise boma izatichepetsera. Sola na fani nizagula. Imwe muzasebenza kwa ine, pamwezi muzilandira."

"Nanga dzina langa?"

"Pa paketi pamakhala dzina la kampani. Ni mwamene zimayendera."

Mainess anapempha kuti akaganize. Anayamba wapita kwa mlongo wake ku Palabana kuti agwirizane zogula sola ndi fani, koma anapeza nayenso ng'ombe zake zikudwala. Anafunsa amayi a m'gulu lake la kutchalitchi. Onse anamumvera chisoni, palibe anali ndi chopereka. Mlungu womwewo Lazarous anagwa pochoka pabedi, nakhala pansi mpaka mkazi wake atabwera kuchokera kudimba.

"Ukakana tizadya dzina?" anafunsa Lazarous, mawu akutuluka movutikira.

Galimoto ya bambo Abson inabwera Lachisanu. Anyamata anazula choumitsira n'kuchikweza, mwendo umodzi wa choumitsiracho n'kuthyoka. Pamene chinali panatsala dothi loyera ndi nyerere.

Ku Lusaka anachimangira sola ndi fani, ndipo chinagwira ntchito monga momwe Mainess ankanenera. Pasanapite nthawi kampani inalemba ntchito mnyamata wa ku yunivesite kuti apitirize kufufuzako, poti mapepala a msonkho ankafuna munthu wamaphunziro. Kampaniyo inasamutsira Mainess kotsuka ndi kudula matimati.

Malipiro oyamba anagulira mankhwala a Lazarous. Dimba anabwereketsa mlamu wake, amene anadzalamo repu. Masiku ano amadzuka kusanache kukadikira minibasi, ndipo anzake akamufunsa za ntchito amangoti ili bwino.