Mayina a pa Makina a Casimir

Ndakonza makina a pinibo, masewera aja omenya kampira kachitsulo m'bokosi lagalasi, mu Chicago muno kwa zaka makumi atatu, ndipo ndikudziwa kuti fyuzi siipsa popanda chifukwa. Imapsa kuti zina zipulumuke. Koma eni makina samva zimenezo, amangoiona ngati mdani.

Mayi Bernice Sobczak anandiitana Loweruka m'mawa, kunja kukuzizira koopsa. Amuna awo, a Casimir, anali atamwalira mwezi wathawo, ndipo makina awo a m'chipinda cha pansi anali atazima.

"Bambo Wendell, zosewera ine ayi," anatero mayiwo. "Ndikungofuna mayina a opambana aja asafufutike."

Makina akazima, mayinawo amasungidwa ndi timabatire titatu basi. Nditatsegula kumutu kwa makinawo, mtima unangoti myuu. Mabatire anali atayamba kutuluka zoyerayera. Dzanja linapita lokha kuti liwazule monga mwa chizolowezi, koma ndinalibweza. Ukazula batire makina ali ozima, mayina onse apita. Ayambe ayaka, mabatire pambuyo.

Fyuzi yaikulu inali itapserera. Ndinalondola mawaya ndi mita yanga yoyezera magetsi mpaka ndinapeza gwero lake. Pamalo pa fyuzi ya nambala 5 wina anaikapo ya 20, choncho kachipangizo kowongola magetsi kanatentha mpaka kupsa.

"Anachita izi ndani?" ndinafunsa.

"Nkhalamba ija, amuna anga! Ati fyuzi ikakula, timikono tomenyera kampira tikhala ndi mphamvu. Ine n'kumawauza kuti vuto ndi zala zawo zoumazo."

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu akanatha kuotcha nyumba chifukwa cha kampira kachitsulo! Koma maliro anali asanazizire, ndiye ndinangomeza mawu. Ndinasintha kachipangizoko, n'kuika mafyuzi oyenera, kwinaku ndikuyang'anayang'ana mabatire aja. Nditatero, ndinayatsa makinawo.

Nyali zinati ng'anii, nyimbo n'kuyamba. Kenako mayina anatulukira pagalasi. Pamwamba panali BER, chidule cha Bernice. Pansi pake chidule cha Casimir: CAZ, CAZ, CAZ, CAZ.

"Inetu ndimayesa katswiri ndi bambo," ndinatero.

Mayiwo anaseka, misozi ili m'maso. "Iwowo? Ine ndinasewera kamodzi kokha, mu 1996, ndikudikira zovala kuti ziume. Kuyambira tsiku limenelo, akangoweruka kuntchito, ulendo wa pansi pano kudzandithamangitsa. Zaka zonsezi, bambo!"

Anayandikira n'kuika chala pagalasi, pa CAZ woyamba. Nambala yake inasiyana pang'ono kwambiri ndi yawo. Ndinaganiza za fyuzi ya 20 ija, mkwiyo wonse n'kundithera. Ndinamumvera chisoni munthu amene sindinamuonepo.

"Anangotsala pang'ono," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Sinthani mabatirewo tsopano. Koma musazimitse, chonde."

Ndinawasintha limodzilimodzi makina ali chiyakire. Mayi Sobczak sanachotse chala pagalasipo mpaka batire lachitatu litalowa.