Mayeso a Mkamwini pa Chulu cha a Chikoti

Nickson anali atatopa nacho chikamwini. Kwawo kwa mkazi wake Lidiya, ku Kabudula, ngakhale nkhuku zinkamuyang'ana ngati wobwera. Njira yotulukira inali imodzi: akhoze mayeso a alangizi a ziweto, apeze ntchito kutali, atenge mkazi wake azipita.

Ndiye bungwe lolembetsa mayesowo linamutumizira uthenga pa foni. Linkafuna anthu oti ayese mafunso atsopano pa intaneti mayeso enieni asanafike, kuti lione ovuta ndi ophweka. Woyang'anira panalibe. Linangopempha kuti munthu alembe yekha, osaonera.

Tsoka lake, m'mudzimo netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha, ndipo chulucho chili kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, a Chikoti, mphunzitsi wopuma amene uphunzitsi sunawachoke m'magazi.

Nickson atangokwera, anamva kutsokomola m'munsi.

"Akamwini, Lidiya akuti mukulemba mayeso. Woyang'anira ali kuti kodi?"

"Palibe, bambo. Akuti tilembe tokha."

"Zimenezo ndiye ayi. Dikirani."

Anabwerako atamanga tayi, atanyamula mpando, belu lakale la kusukulu ndi buku la Nickson lomwe, ati alilande kuti asaonere. Analiza belu. Belu likalira m'mudzi anthu safunsa, amangobwera. Posakhalitsa chulu chinazunguliridwa ndi amayi ochokera kumjigo, zidebe zili pamutu.

Kuyang'anirako sikunakhalitse. A Chikoti ataona mkamwini akukanda mutu, manyazi anawagwira. Mwana wawo akwatiwe ndi wolephera, anthu onsewa akuona?

"Tawerengani mokweza funsolo."

Nickson anawerenga. Linali la katemera wa chitopa cha nkhuku. A Chikoti ananyowetsa chala n'kutsegula buku lija.

"Dinani yankho lachitatulo."

Mtima unamupweteka Nickson, chifukwa ankafunadi kudziwa ngati mutu wake wakonzeka. Koma ndi mkamwini uti amene angatsutse apongozi pagulu? Anadina. Anadinanso pa nkhupakupa, anadina pa chigodola cha nkhumba, mpaka foni inalengeza kuti wakhoza onse. Amayi analuluta, madzi n'kutayikira m'makosi.

Patapita masiku, Nickson anakweranso chulu n'kupeza uthenga. Bungwe linkathokoza kwambiri. Pafupifupi onse amene anayesa anakhoza chilichonse, choncho mafunsowo aoneka ophweka mopitirira ndipo achotsedwa. Pa mayeso enieni padzabwera ovuta. Zikuoneka kuti m'dziko muno aliyense ali ndi apongozi ake.

Anatsika n'kupita kukafotokozera apongozi ake. A Chikoti anali pakhonde, ndipo anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu mwachifundo.

"Musadandaule, akamwini. Mukalephera, pano m'panu, eti. Malo alipo, tikuwonjezerani chipinda." Analoza kuseri kwa nyumba. "Njerwa muyambe kuumba mawa. Dothi la pachulupo ndi labwino."