Kabati Yosagonekedwa

Mayi Kuwabara anali ataima pakhomo pa chikepe chokwezera anthu m'nyumba yosanja kwa ola lathunthu, mtima ukuwira. Ankasamukira kwa mwana wawo Takuro, pa nsanjika yachisanu ndi chitatu, koma kabati ya makolo, imene ankafukiziramo lubani malemu amuna awo m'mawa uliwonse, inakana kulowa. Inatalika ndi zala zinayi zokha basi. Onyamula katundu anati aigoneke cham'mbali. Mayiwo anakana kwamtuwagalu: kabati ya makolo sigonekedwa, imayenda chilili ngati munthu. Masitepe nawo anali othina pokhota.

Mpongozi wawo Bronwen, wa ku Australia, ananong'oneza mwamuna wake m'Chingerezi. Khutu la nkhalamba limagontha pa zina zonse koma osati pa miseche, ndiye mayiwo anatolapo liwu limodzi, cumbersome, nafunsa tanthauzo lake. Takuro anayamba wakanda kaye m'mutu.

"Ndi mawu wamba, amayi. Amanenera chinthu cholemera, chovuta kunyamula, chodya malo. Ngati sutikesi yothyoka chogwirira."

"Ndiye bambo ako asanduka sutikesi?"

Bronwen anapepesa, manyazi atamugwira. Anati iye amanena matabwa okha. Kodi si apongozi omwe anamufotokozera dzulo kuti wansembe wachotsamo mzimu wa malemuwo chifukwa cha ulendowu, ndipo mpaka adzaubwezeretse, kabatiyo ndi matabwa chabe? Apa m'pamene mayiwo anapsa mtima zenizeni, chifukwa mpongozi wawoyo ankanena zoona, ndipo anawaphera m'mawu awo omwe.

Onyamula katundu anayamba kuyang'ana mawotchi. Takuro, posadziwa kuti akuthira mchere pabala, anati masiku ano kuli timakabati tating'ono tokhala pa shelefu, ndipo iyi akhoza kukaisiya kukachisi. Mayiwo anamuyang'ana mpaka anazyolika. Koma mayiwo anaona kuti akapitiriza kukana, kabatiyo sikwera konse.

Anatsegula chikwama chawo, natulutsa kathabwa kakuda kolembedwa dzina la amuna awo, nakagwira chilili pachifuwa ndi manja awiri.

"Igonekeni. Koma mudikire ndichoke, ndisaone."

Takuro anawauza kuti adikire chikepe chibwerere, maondo awo sangathe nsanjika zisanu ndi zitatu. Mayiwo anali ataponda kale sitepe yoyamba.

"Momwe mwagonekamo nyumba yawo sindingawalowetsemo. Ine ndi bambo ako tikwera wapansi."