Envulopu Yosita Bwino

"Ine ndalama zapepala sindisunga, alamu, zimanunkha thukuta la anthu," anatero Medhat, akuzunguza kakhadi kagolide pakati pa zala ziwiri. "Aka ndikangokaonetsa, wasitolo amaimirira. Ndipo banki imandilembera makalata ngati mtsikana wofuna banja. Nanga inu banki inakulemberanipo?"

Shawki anapemerera madzi pa malaya, fuuu, n'kukankha simbi. Wosita zovala ali ndi mwayi umodzi: akamufunsa zopusa amakhala ali ndi madzi mkamwa.

Awiriwa anakwatira pakhomo limodzi, kwa Haji Abdel-Sabur wogulitsa nyama ku Imbaba. Shawki anatenga wamkulu, Nagat, ndipo Medhat anatenga Intisar. Hajiyo anali ndi nyumba yosanja, ndipo pamwamba penipeni panatsala malo amodzi, makoma okhaokha ndi zitsulo zoloza kumwamba. Ananena poyera kuti mkamwini amene angathe kumalizitsa malowo ndiye adzakhalamo, ndipo dzina adzalitchula ukangotha ukwati wa mwana wake wamwamuna wotsiriza, Lachinayi.

Zaka zisanu ndi zinayi Shawki wakhala akuponya timapaundi m'chitini, banja lake likugona kuseri kwa shopu, m'chipinda chimene makoma ake amatuluka thukuta. Medhat, wogulitsa mafoni m'sitolo ya eni, anangotulukira ndi khadi la ngongole chaka chatha. Basi, Lachisanu lililonse thireyi ya makeke otsekemera otchedwa kunafa kwa apongozi, nsapato zolira, wotchi yothobwa m'maso.

"Mnzako wagulira Intisar firiji ya zitseko ziwiri," Nagat ankatero.

"Muli chiyani m'firijimo? Madzi. Zitseko ziwiri zolondera madzi."

"Nsanje, bambo a Samah. Yayamba kutulukira m'makutu."

Sankanama. Shawki akamva apongozi akuti "Medhat mwana wanga," tiyi ankasanduka mankhwala a malungo. Iye ankangotchedwa "uja wa simbi."

Tsikulo, Lachitatu, Medhat anabweretsa suti yake ya ukwati.

"Muisite ngati ya nduna, alamu. Mawa ku ukwati ndikafupa mapaundi zikwi khumi. Zaghlul wolengeza zofupa uja adzatchula dzina langa mpaka maikolofoni isase mawu."

"Mufupa ndi khadi? Mukalimata pamphumi pa mkwati?"

"Makina a pakhoma amandilavulira, alamu. Inu musavutike, zinthuzi n'zovuta kumva." Anatuluka osalipira. Wachibale salipira, amangotukwana.

Wosita asanaike simbi amayamba wapisa m'matumba. M'thumba la kumbuyo kwa buluku Shawki anapezamo envulopu yoyera, yopanda dzina, yokwinyika ngati yakhaliridwa mlungu wathunthu. Inali yosamata. Ndiye mlandu suli pa iye, uli pa amene sanamate.

M'katimo munali kalata ya maloya a banki. Medhat anaisamutsira mu envulopu wamba kuti Intisar asaione. Chenjezo lomaliza: mapaundi 140,000, chiwongoladzanja chili momwemo, miyezi isanu osabweza kanthu. Akapanda kulipira m'masiku asanu ndi awiri, nkhani ipita kukhoti ndipo katundu alandidwa.

Shawki anaiwerenga katatu, kachitatu ali chikhalire pofuna kuimva kukoma. Firiji ija! Kunafa uja apongozi ankanyambita zala, ankadya ngongole! Anavala patapata kuti athamangire kwa Haji, koma anaima pakhomo.

Amene anamuphunzitsa ntchito anamusiyira lamulo limodzi: cha m'thumba chibwerere m'thumba, pakamwa patsekeke. Matumba a msewu wonse amadutsa m'manja mwa wosita. Muli timakalata ta zibwenzi, muli mapiritsi amene amuna salola kuti akazi awo awaone. Akangoulula kamodzi, mawa palibe wobweretsa ngakhale mpango. Komanso Haji ankadana ndi kazitape kuposa nyama yoola. Akanati, "Nsanje yakupisitsa m'thumba la mnzako," ndipo makiyi akanapita kwa Medhat usiku womwewo.

Choncho Shawki anatsata lamulo. Anangoona kuti envulopuyo yakwinyika kwambiri, ndipo iye chinthu chokwinyika chimamupweteka mtima. Anaiyala, anaikapo kansalu, n'kuidutsitsa simbi kawiri. Inatuluka yowongoka ngati yogula kumene. Kenaka anaibwezera m'thumba. Lamulo silinanene kuti thumba liti. Anaiika m'thumba la m'kati mwa jekete, la pamtima, mmene mwamuna aliyense amaikamo envulopu yofupira.

"Mawa zikhala ziwiri mmenemo, iyi ndi ya ndalama," anauza simbi yake. "Ine sindisankha. Asankha Mulungu."

Lachinayi masana msewu unatsekedwa ndi nsalu zamaluwa, mipando mbali zonse, ng'oma ndi zitoliro zikugonthetsa m'khutu. Pa nsanja panali Zaghlul, amene ntchito yake ndi kulandira envulopu, kuitsekula, n'kulengeza dzina ndi ndalama kuti msewu wonse umve. Zaghlul sawerenga kaye chamumtima. Chimene diso laona, pakamwa paimba kale.

Shawki anapereka yake.

"Shawki wa simbi, mapaundi mazana asanu! Mulungu amuwonjezere makwinya!"

Anthu anaseka. Haji anagwedeza mutu pang'ono ngati akuthamangitsa ntchentche. Nagat anayang'ana pansi. Shawki anabwerera pampando makutu akutentha, akudzifunsa ngati Mulungu ali ndi nthawi yosankha maenvulopu.

Ndiye anadzuka Medhat. Sanayende, anavina. Suti ili waliwali, mzere wa buluku wakuthwa ngati mpeni wa apongozi, ntchito ya manja a Shawki. Anapsompsona mkwati masaya onse, anapsompsona dzanja la Haji. Podutsa anatsinzinira Shawki.

"Tsekulani makutu, alamu, muphunzire."

Anapisa m'jekete osayang'ana, maso ali kwa anthu, n'kukweza envulopu m'mwamba kuti amayi a pa makonde aione. Nthungululu zinalira. Zaghlul anailandira ndi manja awiri, anasuzumira, ndipo maso anatuluka ataona chidindo.

"Imitsani ng'oma! Imitsani! Anthu a Imbaba, uyu safupa ndi timapepala tathu tonunkha. Pano yalemba ndi banki yeniyeni!"

Haji anaimirira, nkhope ili mwee. Medhat anamwetulirabe kanthawi, kenaka dzanja linabwerera pamtima, n'kukhudza envulopu ina, yonenepa, ili phee m'malo mwake.

"Zaghlul, m'bale wanga, dikira..."

Koma maikolofoni inali itatsegula kale kukhosi.

"Kwa olemekezeka a Medhat Fahim! Mapaundi zikwi zana limodzi ndi makumi anayi!" Msewu unaphulika, amayi akulira nthungululu, Intisar akuponya maswiti. Zaghlul anakweza dzanja, n'kupitiriza moimba: "Chenjezo lomalizaaa! Mukapanda kubweza ngongoleyi m'masiku asanu ndi awiri, tikaonana kukhoti, ndipo katundu wa m'nyumba mwanu alandidwa!"