Pisitoni Inapitirira Mzere wa Choko

Ophunzira ankawatcha Amivi. Dzinali linachokera pabolodi: akayamba kufotokoza mmene zitsulo za m'makina zimayendera, ankajambula mivi yoloza uku ndi uku, wina wa liwiro, wina wa mphamvu, mpaka bolodi kumaoneka ngati pachitika nkhondo. Anali ataphunzitsa ana ofuna kudzakhala mainjiniya kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankanyadira kuti sanatsegulepo buku pamaso pa kalasi. Zonse zinali m'mutu.

Lachiwiri lina m'mawa ankaphunzitsa za injini. Anajambula gudumu, pisitoni, ndi mkono wachitsulo wolumikiza ziwirizi.

"Pisitoni ili pamwamba," anatero. "Gudumu likazungulira theka, yafika pansi. Nanga likazungulira theka la thekalo, ili pati? Pakati penipeni. Izi ngakhale mwana wa kupulaimale sangavutike nazo."

Cha kumbuyo kunakwera dzanja. Anali mtsikana amene anzake ankamuti Nagirizi, chifukwa zikhadabo zake sizinkayera. Loweruka lililonse ankagwira ntchito kugalaja kwa amalume ake amene ankamulera.

"Pepani aphunzitsi, ine ndimaona ngati imakhala itapitirira pakati."

"Mumaona ngati?"

"Eya. Tikatsegula injini ndi amalume n'kumazunguza pang'onopang'ono, pisitoni imatsika msanga kumtundaku, kenako imachedwa cha pansi. Mkono uja ukapendekeka umaikoka."

Amivi anaika choko patebulo, n'kusasa m'manja mosafulumira.

"Amalume anuwo za kayendedwe ka makina anaphunzira kusukulu iti?"

Mtsikanayo anatsitsa dzanja.

"Mayi, kuno si kugalaja. Kuno sitiyeza ndi diso ndi malovu. Ngati sipanala yakukomerani, khomo ndi ilo, palibe wakumangani mwendo."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Wina anayamba kulira ngati injini yokana kuyaka, enanso n'kumuthandiza. Nagirizi anaweramira kope lake, nalemba zimene aphunzitsi ananena.

Madzulo a tsikulo Amivi anapita kuchipinda cha makina kukafunsa tsiku limene kalasi yawo ingabwere. Woyang'anira chipindacho anali bambo wina woyandikira kupuma pantchito, amene aliyense ankangomuti Achikulire. Nkhani ya m'mawa inali itawafika kale, chifukwa ophunzira sasunga kanthu kukhosi. Pakona panali injini yakale yodulidwa mbali imodzi kuti zam'kati zizioneka, yokhala ndi chogwirira chozunguzira ndi dzanja. Amivi ankaidutsa masiku onse itafundidwa chinsalu. Tsikuli chinsalucho chinali pansi.

"Aphunzitsi, tandithandizani, maso angawa akalamba," anatero Achikulire. "Ndalemba mizere itatu ndi choko: pamwamba, pansi, ndi pakati. Rula iyi, mutsimikize nokha. Ndiye tazunguzani gudumuli theka la theka."

Amivi anayeza. Mizere inali yolondola. Anagwira chogwirira n'kuzunguza. Pisitoni inatsika, inafika pamzere wapakati, ndipo sinaime. Inakaima m'munsi mwake, mpata wokwana zala ziwiri.

Anabweza, nazunguzanso. Chimodzimodzi. Kachitatu anazunguza pang'onopang'ono ngati akuinyengerera, koma chitsulo sichidziwa kuti wachigwira ali ndi madigiri angati. Anatenga kapepala kamene kanali pabenchi, najambula chithunzi cha makona atatu cha gudumu ndi mkono, ndipo pa mzere wachitatu wa masamu anaona chimene mtsikana uja ananena ndi pakamwa. Anakumbukira tsopano. Chaka chimene anayamba ntchito ankati, "Tingoyerekeza kuti mkono ndi wautali kwambiri, kuti masamu aphweke." Mawu amenewo anayamba kuwadumpha pofuna kusunga nthawi, kenako anawaiwala, ndipo choyerekeza chija chinasanduka lamulo m'kamwa mwawo.

Amivi anabwezera kapepalako pabenchi.

"Achikulire, mwadziwa liti zimenezi?"

"Aa, kalekale."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinayesapo, chaka chanu chachiwiri. Munati mukuthamangira kumsonkhano."

Kunyumba chakudya chinawakanika. Akazi awo anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Bambo a mwana, mwadwala kapena mwapalamula?"

Anafotokoza zonse, maso ali m'mbale.

"Kulakwitsa masamu si mlandu," anatero mayiwo. "Ine ndikudandaula mwana wa eniyo. Mwamuvula pagulu. Ndiye amalume akewo anakulakwirani chiyani? Anakuponderani phazi?"



Lachinayi m'mawa Amivi ndi Achikulire anakweza injini ija pangolo yamatayala achitsulo, n'kuikankha m'khonde lonse. Tayala limodzi linkalira kwambiri moti aphunzitsi anzawo ankasuzumira pazitseko. Amivi, atavala tayi, girizi ali pachigongono, ankangoyang'ana pansi.

M'kalasi Nagirizi anali atasamukira pakona penipeni, kuseri kwa mzati.

"Lachiwiri ndinakuphunzitsani bodza," anatero Amivi. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo anabwereza. "Ndinakuphunzitsani bodza. Fufutani zimene munalemba. Mnzanu uja ananena zoona."

Anazunguza gudumu, pisitoni inapitirira mzere, aliyense akuona. Palibe anaseka, ndipo Amivi anaona kuti bola akanaseka.

"Mayi, tabwerani muwafotokozere anzanuwa."

"Ayi aphunzitsi, ndimva pompano."

"Chabwino. Koma zimene ndinanena za amalume anu zinali zachipongwe. Pepani."

Mtsikanayo anangogwedeza mutu. Ena onse anadzuka n'kuunjikana painjini, kulimbirana chogwirira, ndipo mafunso ambiri ankawafunsa Achikulire. Amivi anaima pambali, choko m'manja, ngati mlendo pamaliro a munthu amene sakumudziwa.

Potuluka Amivi anamupeza Nagirizi pakhomo.

"Amalume anu munawauza?"

"Ayi."

"Ndimati mwina ndipite ndikawapepese ndekha."

"Musapite, aphunzitsi. Iwo amauza aliyense wobwera pagalaja kuti ndikuphunzitsidwa ndi munthu wamkulu. Musawalande zimenezo."

Anatero n'kumapita.

Sabata yotsatira Amivi anapita kwa mkulu wa dipatimenti kukapempha makiyi a chipinda chosungira mapepala a mayeso akale. Funso la pisitoni anali atalifunsapo pamayeso zaka zitatu zosiyana.

"Zisiyeni izo," anatero mkuluyo. "Anthuwo anamaliza, ali pantchito. Mukufuna kudzifukulira chiyani?"

Komabe makiyi anawapatsa. Kwa masiku anayi, nthawi yopuma masana, Amivi ankakhala m'kachipinda kafumbi kumasula mitolo. Ophunzira ambiri anali atalemba bodza la Amivi lija mwaukhondo, n'kuchongedwa bwino. Koma anapeza mapepala khumi ndi limodzi a anthu amene anawerengera okha n'kupeza yankho lenileni. Onse anali odulidwa ndi inki yofiira. Pa pepala lina, ndi dzanja lawo lomwe, anali atalemba kuti, "Uzimvetsera m'kalasi."

Anawafunafuna anthu aja kudzera kwa anzawo, ndipo asanu ndi awiri anapezeka. Aliyense anamulembera uthenga wofotokoza cholakwacho. Anayankha mmodzi yekha, amene tsopano ankayang'anira mapampu pafakitale ina. Anati funsolo akulikumbukira bwino, chifukwa tsiku limenelo anabwerera kuhositelo akukhulupirira kuti mutu wake sugwira masamu, ndipo panapita zaka ziwiri asanayambenso kudzidalira. Anathokoza, nafunsa ngati Achikulire akadali moyo.

Amivi anawerenga uthengawo ataimirira m'khonde. Belu litalira anaika foni m'thumba, n'kupita kukaphunzitsa za magiya, buku lili lotsegula patebulo.