Pasipoti Anandibwezera

"Tikangotsika, choyamba ndi timakeke tija," anatero anti Towela, pepala lili m'manja, magalasi atatsetserekera pamphuno. "Ta mazira, totentha, akuti tikamatuluka mu uvuni anthu amakhala atandanda kale mpaka kumsewu. Wina asandiuze za kuchepetsa thupi kumeneko."

Tekisi ya bambo Jusab inali itangotuluka mu Spinney Hill, dera lina la mu Leicester, kulowera ku bwalo la ndege la East Midlands. Linali Lachisanu m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa koma kotopetsa. Kumbuyo kunakhala amayi atatu ogwira ntchito yosamalira okalamba. Anti Towela ndiwo anali aakulu, ndiponso tcheya wa amayi kutchalitchi. Anganile anali wa pakamwa posatseka. Vailet ndiye wamng'ono, ndipo chibwerereni ku England zaka zitatu zapitazo anali asanapondepo dziko lina lililonse. Ulendo unali wa ku Lisbon, masiku atatu basi.

"Loweruka m'mawa tikakwera tramu yachikasu, kasitima koyenda mumsewu," anti anapitiriza kuwerenga. "Imakwera zitunda m'timisewu tothina, moti ukatulutsa dzanja umakhudza khoma la nyumba ya eni. Masana tikaona nsanja yakale ya m'mbali mwa mtsinje. Madzulo tikamvera nyimbo zawo zachisoni zija. Akuti woyimba akayamba, ngakhale supuni sugwetsa."

"Zachisoni ndazimva zokwana kuntchito," anatero Anganile. "Ndiuzeni za ndiwo."

"Bakayawo."

"Ha! Ndikwere ndege kukadya bakayawo? Yemwe uja tinkamutsekera mphuno pamsika wa Muloza?"

"Kumeneko ndi chakudya cha mabwana, iwe. Amadyera foloko."

Bambo Jusab anaseka mpaka kukhosomola. Iwo anabadwira ku Limbe, ndipo ngakhale akhala mu Leicester zaka makumi anayi, Chichewa sichinawachoke. Amalawi ambiri amaitana tekisi yawo chifukwa cha zomwezo.

Vailet ankaseka nawo, mtima uli mbee. Mwana wake Thandi, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali atamusiya pageti la sukulu. Neba wake Rubina ndiye anavomera kukamutenga masana ndi kumusunga mpaka Lolemba.

"Kodi Vailet," Anganile anamugunda ndi chigongono, "mapepala ako aja aboma ayankha?"

"Ayi, ino ndi sabata yachisanu. Viza yakale inatha kumayambiriro kwa mwezi, koma loya anati bola tinapempha yatsopano isanathe. Ndili bwinobwino mpaka ayankhe."

Bambo Jusab anatsitsa wailesi. Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, nayang'ananso kachiwiri.

"Pepani amayi, ndalowerera zosandikhudza. Mwati mukudikira yankho la aboma, ndiye mukutuluka m'dziko?"

"Masiku atatu okha, bambo."

"Iwo sawerenga masiku. Mukangotuluka, pempho lija amalitenga ngati mwalisiya nokha. Viza yakale inatha, yatsopano palibe. Ndiye Lolemba mudzalowa ndi chiyani?"



"Kuli bambo wina wa ku Evington," anapitiriza bambo Jusab, maso ali pamsewu. "Ndinamuperekeza ndine pamsewu uno, akusangalala ngati inuyo. Sindinakamutengenso. Amene ndimanyamula masiku ano ndi mkazi wake ndi ana."

Vailet anasendera kutsogolo. "Koma... pasipoti anandibwezera. Nditapita kukadinda zala anangoiona n'kundipatsa pomwepo."

"Eya, ndi pamenepo!" anti Towela anaomba pepala pabondo. "Ine nthawi yanga pasipoti anaisunga miyezi isanu ndi itatu, sindikanapita ngakhale kumaliro. Akafuna kuti usayende, amaigwira. Akakubwezera ndiye kuti yenda. Ndipo viza yolowera ku Lisbon ili momo, anatidindira tonse mu Juni. Pakanapanda maliro a bambo ake a Anganile bwenzi titapita kalekale. A Jusab, inu yendetsani galimoto, za malamulo zili ndi eni ake."

"Zinasintha, amayi."

"Ine ndakhala kuno zaka makumi awiri."

Vailet anatulutsa foni n'kuimbira loya wake, mayi wina dzina lake Mehrunisa. Anayankha makina, kuti ofesi imatsegulidwa teni koloko. Ndege inali yonyamuka teni koloko itangodutsa. Anasiya uthenga, ndipo atadula sanakumbuke ngati anatchula dzina lake.

Atafika pabwalo, bambo Jusab anatsitsa zikwama. Cha Vailet anachigwirabe pang'ono asanachisiye. "Ine si loya, mwana wanga. Koma funsani musanakwere."

Afunse ndani? Apa ndiye pamene anthu obadwira kuno samatimvetsa. Munthu wa viza sapita yekha kwa wovala yunifolomu kukanena kuti, taonani, mapepala anga akukayikitsa. Umayenda mwaulemu, kumwetulira, kupereka chimene wafunsidwa, osaonjezera liwu. Mtsikana wa pakauntala anatsegula pasipoti, anaona viza ya ulendowu, anamata kapepala pachikwama, chikwama chija n'kulowa kuseri kwa makatani.

"Waona?" anatero anti. "Pakanakhala vuto bwenzi kompyuta italira."

Koma kompyuta ija inkangoona zopita. Zobwerera palibe anafunsa.

Ali pamipando yodikirira, anti anatulutsanso pepala lawo. Lamulungu akayamba ndi misa m'tchalitchi chakale cha miyala, kenako akakwera ku linga la pamwamba pa phiri kukaona mzinda wonse, madenga ofiira mpaka kunyanja. Nkhomaliro ikakhala nsomba zootcha pamakala, zangati utaka wonenepa, zothira mchere ndi mandimu basi. Anganile ankafuna kukajambulitsa pakhoma la matailosi abuluu kuti a kwawo akhumbire. Vailet mawu onsewa ankangowamvera patali.

Iye ankaona Thandi. Bambo ake a mwanayo ali ku Mzuzu ndi mkazi wina, ndipo tsiku lobadwa la mwana sakulidziwa. Kuno Thandi ali ndi mayi ake basi. Rubina angamusunge masiku atatu, mwina sabata, mwina ziwiri chifukwa ndi munthu wabwino. Kenako? Kenako kusukulu adzafunsa, adzabwera amayi aja aboma oona za ana, onyamula mafayilo, ndipo mwana adzagona m'nyumba ya anthu osawadziwa. Anathamangira kuchimbudzi. Anaimbanso foni. Makina omwe aja.

Atabwerera anaima patsogolo pa anti, manja atawagwira kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Anti, mwina ine nditsale."

Anti Towela anavula magalasi pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Mtima wanga sukukhazikika."

"Chifukwa cha woyendetsa tekisi? Vailet, unatsika basi pa Leicester uli ndi kachikwama kamodzi ndi mwana wamalungo. Anakulandira ndani? Unagona kwa yani miyezi iwiri? Ntchito anakuyankhulira ndani? Lero ine ndingakutengere kuphompho, ineyo?"

"Ayi anti, si choncho."

"Zaka zitatu ukusambitsa okalamba a eni, osapumako ngakhale tsiku. Ndati mwanayu akaoneko dziko. Ndalakwa?"

"Simunalakwe, anti."

"Ndiye khala pansi."

Anakhala. Mungamunene kuti ndi wopusa, koma amene analeredwa kwathu akudziwa kuti munthu amene anakudyetsa sumuyankha kawiri. Anganile anangoyang'ana nsapato zake. Ataitana ndege yawo, miyendo ya Vailet inayenda yokha, kudutsa pageti, kutuluka panja pamphepo, kukwera masitepe achitsulo onyowa.

Mpando wake unali wa pawindo, anti pakati, Anganile kunjira. Anthu ankakankha zikwama m'mwamba, ena ataledzera kale m'mawa womwewo. Vailet anamanga lamba. Foni inali m'dzanja. Teni koloko inakwana. Inadutsa ndi mphindi zitatu, zisanu. Mtsikana wa mundege anayamba kuyenda akutseka makabati n'kumauza anthu kuti azimitse mafoni.

"Zimitsa," anatero anti.

Chala chili pabatani, foni inanjenjemera.

"Vailet? Ndine Mehrunisa, ndangomva uthenga wanu." Ankayankhula Chingerezi chake chothamanga chija, koma lero liwu lililonse linamveka. "Muli kuti?"

"Mundege."

"Yanyamuka?"

"Ayi."

"Tsikani. Panopa. Ikangochoka nanu, pempho lanu lafa, ndipo ine sindingathe kukubwezani. Ndinakuuzani tsiku lija muofesi kuti musatuluke m'dziko!"

Anamuuzadi. Tsiku limenelo mayiyu ananena zinthu zambirimbiri, mapepala ali mbwee patebulo, ndipo Vailet ankangogwedeza mutu n'kumavomera, maso ali pawotchi kuopa kuchedwa shifiti. Kunena kuti sindinamve, bwerezani, ankaona ngati n'kudzionetsa umbuli.

Anadzutsa mutu. Kutsogolo, mtsikana wina anali atagwira chitseko cha ndege ndi manja awiri.

Anafuna kuima, lamba anamubweza. Atamasula anagunda mutu pakabati, osamva kuwawa. Anatsegula pakamwa, Chingerezi chonse chinali chitathawa.

"Dikirani! Musatseke! Mwana wanga!"

Ndege yonse inacheuka.

"Khala pansi iwe, ukutichititsa manyazi," anti ananong'ona mwaukali, atamugwira jekete.

Vailet anagwira dzanja lija, dzanja lomwe linamuphikira phala atangofika, n'kulichotsa. "Anti, ndisiyeni." Anadutsa pamaondo awo, kuponda phazi la Anganile, n'kuthamanga m'kanjira kaja foni ili m'mwamba ngati akuonetsa tikiti.

Mtsikana wa pachitseko anachita mantha kuposa iye. Anamufunsa ngati wadwala. Vailet anapukusa mutu n'kumupatsa foni. Mtsikanayo anamvetsera, nkhope inasintha, nalowa kwa woyendetsa. Patapita kanthawi mawu anamveka pamwamba kuti pali mmodzi amene akutsika, ndipo ndege ichedwa chifukwa chikwama chake chiyenera kufufuzidwa pansi n'kutulutsidwa. Anthu anabuula. Bambo wina wofiira nkhope anatukwana mokweza. Vailet anaima pamenepo mphindi zambiri, maso a anthu onse ali pa iye.

Anganile anabwera ndi kachikwama kake ka m'manja komwe anakaiwala pansi pa mpando. Anamupatsa, namufinya mkono. Anti Towela sanadzuke. Anali atayang'ana pawindo, pepala lija atalipinda m'manja.

Pansi pa masitepe panali wapolisi ndi mayi wina wovala jekete yowala. Apa mantha anabweranso mwatsopano. Anamutengera m'kachipinda kopanda windo, anatenga pasipoti, anafunsa chifukwa chimene munthu angakwerere ndege kenako n'kufuna kutsika. Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa zonse, mpaka diresi latsopano limene anagulira ulendowu. Vailet anangoti basi, ndadzibweretsa ndekha, andimanga pano. Anaimbanso kwa Mehrunisa n'kupereka foni. Wapolisi anamvetsera nthawi yaitali, akulemba m'kabuku. Kenako anatseka kabukuko, anamubwezera pasipoti, namulozera khomo lotulukira.

Panja kamvula kanali kakuwazabe. Anakoka chikwama mpaka pamalo odikirira basi ya ku Leicester. Anakhala pachikwama pomwepo. Kuseri kwa nyumba kunamveka mkokomo, ndege ina inatulukira pamwamba pa madenga n'kulowa m'mitambo. Kaya inali yawo, kaya ina, sanadziwe.

Lamulungu la sabata yamawa kutchalitchi anti sadzamupatsa moni, ankadziwa. Mwina mpaka chaka chithe. Yankho la aboma nalonso linali lisanabwere, ndipo palibe amene akanamulonjeza kuti lidzakhala labwino. Koma pempho lake linali lamoyo, ndipo mapazi ake anali pansi pano.

Anapukuta foni pajekete n'kuimbira Rubina.

"Mwafika kale?" anadabwa Rubina.

"Ayi, sindinapite. Ndidzakufotokozerani. Masana musavutike kupita kusukulu. Thandi ndikamutenga ndekha."