Madzi Osamba M'manja ku Northbridge

Malo odyerawo anasankha Nora. Anauza makolo ake kuti munthu akamaliza sekondale amayenera kulawako zachilendo, koma chifukwa chenicheni chinali Greyson Tam, mnzake wa m'kalasi, amene Loweruka lililonse ankakankha kangolo ka zakudya mu lesitilanti yachitchaina ya azakhali ake ku Northbridge.

Nora ankafuna chinthu chimodzi chokha. Bambo ake, a Msaiwale, anyamata sankawaona n'komwe, ankangowadutsa ngati mapolo a magetsi. Koma akafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa ndani?" ndiye kuti munthuyo angathe kuponda pakhomo. Funso limeneli Nora anali atalimva kambirimbiri m'maloto ake, nthawi zambiri kunja kukuwaza mvula.

M'katimo munali phokoso ngati mumsika. Timangolo tinkadutsa titasenza timadengu ta nsungwi totuluka nthunzi, m'kati mwake muli timitanda tofewa tokulunga nyama. Mayi a Nora, amene anali atangoweruka kuchipatala ku Joondalup, anakhala pansi n'kuvula nsapato mobisa. Sekani, chitsiriza cha m'banjamo, wa zaka zinayi, anasandutsa timitengo todyera kukhala toimbira ng'oma. Mkulu wake Zikani ankayang'ana nsomba za m'thanki.

Greyson anabwera n'kuika patebulo tipoti ndi mbale yaikulu yopanda kanthu. Nora sanamuyang'ane, monga anapangana. Ntchito ya mbaleyo ankaidziwa: kwawo kwa Greyson amayamba atsuka timakapu ndi timitengo ndi tiyi wowira asanadye.

A Msaiwale anakwinya mikono ya shati, n'kutambasulira manja pamwamba pa mbaleyo.

"Anthu awa ndi olongosoka," anatero. "Nora, tathira."

"Bambo a Nora, kodi si tiyi ameneyo?" anafunsa mayi.

"Tiyi ndi beseni? Amangowanunkhiritsa madziwo."

"Dad, nobody's doing that," anatero Zikani.

"Izo n'zawo. Ife sitidya tisanasambe."

Nora anayang'ana nthunzi ya pakamwa pa tipoti. Akathira, awawotcha. Akawauza zoona pamaso pa ana, adzadya ali chete ndipo sadzaonanso munthu aliyense wa m'nyumba muno. Kunyumba ankawathirira madzi atagwada, koma kunyumba kunalibe Greyson, ndipo Norayo sankavala diresi yatsopano yobiriwira.

"Madziwa atentha kwambiri, adadi. Ndikubwera."

Anamupeza Greyson ali pakangolo kake. "Madzi ofunda m'jagi, ndi kathaulo," anamuuza m'Chingerezi. "Usafunse."

"Mwataya kale tiyi?"

"Ndati usafunse!"

Atabwerera, anagwada. Bondo lake linatera pa mpunga umene wina anagwetsa. Gogo wachitchaina wa patebulo loyandikana anaimitsa chakudya m'malere. Nora anangoyang'ana jagi, akudziuza kuti zonse zathera pomwepa.

Greyson anali ataima ndi kathaulo pamwamba pa mutu wa a Msaiwale. Anayang'ana Nora pansi paja, n'kudziyang'ana yekha. Kenako anatsika, bondo limodzi pansi, n'kutenga mbale ija kuigwirizira kunsi kwa manja awo. Anaigwira mopendekeka.

A Msaiwale anasamba mosafulumira, chala chilichonse pachokha. Anapukuta. Maso awo anakhala pa mnyamatayo nthawi yaitali.

"Nora, ameneyu ndi mwana wa ndani?"

Mvula kunalibe. Kukhitchini azakhali a Greyson ankakalipa m'chinenero chawo, poti Sekani anali atafika pakangolo kosiyidwa kaja n'kuyamba kuvundukula timadengu, kamtanda kena kali kale m'kamwa.

"That's Greyson," anayankha Zikani. "He's on her phone."

Mayi anayamba kufufuza nsapato zawo ndi phazi kunsi kwa tebulo. Nora anadzuka, mpunga utamatirira pabondo.

"Ndi wa kwa a Tam, adadi. Tinali kalasi imodzi."

"Oho." A Msaiwale anapinda kathaulo kaja bwinobwino. "Muuze abweretse zipalapasiro ndaziona zikudutsa zija. Sindinadziwe kuti anthuwa amadziwa kukoma kwa mapazi a nkhuku."

Nora anamasulira. Greyson ananyamuka mothamanga, madzi akukhavukira m'mbale.

"Ndipo adzabwere kunyumba mayi ako adzamuphunzitse kagwiridwe ka beseni," anawonjezera a Msaiwale akuyang'ana pantchafu. "Taona, wandinyowetsa thalauza."